Ukasowa, Ndani Adzakufunafuna?

Ana anga, mawa ndi Loweruka, ndipo ndikudziwa kuti ena mwa inu simubwera kubwalo. Mpira wathu ndi wosokasoka, phala mwezi uno kulibe, ndipo kumsika kuli ndalama yachangu yoposa chilichonse chimene ife tingakupatseni. Sindikukudzudzulani. Ndikungofuna mudziwe chifukwa chimene ine, bambo wa imvi zoyamba, ndimatsekera shopu yanga ya ukalipentala Loweruka lililonse masana n'kukaima padzuwa ndi kope la mayina m'manja.

Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 11. Misozi isanaume, abale akuchimuna anabwera kudzatenga njinga, wailesi ndi malata amene bambo ankasunga kuti adzafolere nyumba. Mayi anatsala ndi ana anayi ndi chiwaya chokazingira zitumbuwa. Masiku amenewo sukulu ya pulayimale inali yolipira, ndipo fizi itasowa ndinalekezera Sitandade 4. Palibe anabwera kudzafunsa. Dzina langa linangochoka m'kaundula monga choko chimachokera pabolodi. Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepa. Njala inalipo, inde, koma ana anjala alipo ambiri amene saba. Ine ndinayamba kuba nditazindikira kuti nditha kusowa tsiku lathunthu, m'mawa mpaka usiku, popanda munthu wofunsa kumene ndinali.

Kumsika wa Limbe ndinkanyamulira anthu katundu, ndipo kumeneko n'kumene ndinapeza wondiwerenga. Anali mnyamata wa zaka ngati 20, wovala bwino, ndipo ankatigulira chipisi. Ndikachedwa ankandifunsa kuti, "Unali kuti, mfana?" Funso limenelo linkanditsekemera kuposa chipisicho. Anayamba kutituma zazing'ono: kuima pakona n'kuimba likhweru munthu akamabwera, kusunga kachikwama osakatsegula. Kenaka kupisa m'matumba mwa anthu polimbirana basi. Kenaka mawindo, poti thupi langa linali laling'ono, lotha kudutsa pamene wamkulu sangadutse. Iye sankalowa. Ankadikira chapatali, ndipo tsiku limene zinthu zinavuta sindinaone ngakhale msana wake.

Anandigwira m'bandakucha ndili ndi kawailesi m'manja. Amene munaonapo khamu litagwira wakuba mukudziwa mmene zimakhalira. Ndimakumbukira fumbi m'kamwa, ndi mawu a munthu wina akufunsa ngati pali amene ali ndi machesi. Ndiye panatulukira bambo wina wa pensulo kukhutu, mmisiri wa matabwa wa m'dera lomwelo, nati, "Mwana uyu ndi wa mayi a zitumbuwa aja. Musiyeni, ndikalankhula ndi mayi ake." Sanali mbale wathu. Sitinkapemphera mpingo umodzi. Ankangoidziwa nkhope yanga. Anabweza wailesi kwa mwini wake, nandiimika pamaso pa mwiniyo kuti ndipepese ndi pakamwa panga, nalonjeza kuti windo limene ndinalowera likonzedwa. Ndipo wolikonza ndinali ine, masiku awiri, iwo akundilozera pokhoma msomali, mwini nyumba ali khale pakhonde kundiyang'ana.

Atatero anandiuza kuti ndizifika kushopu kwawo 7 koloko m'mawa kudzapala matabwa. Ndinapita tsiku loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu manja anali atatupa, ndipo ndinabwerera kumsika. Dzuwa likupendeka, nditangofika kunyumba, ndinamva "Odi!" pakhomo. Anali iwo, utuchi uli mbuu m'tsitsi. Sanakalipe. Anangoti, "Thabwa lako likukudikira. Palibe wina alipale." Ndakhala ndikuganizira mawu amenewo zaka zoposa 30. Munthu wamkulu, wokhala ndi ntchito yake ndi ana akeake, anayenda mtunda wonsewo chifukwa choti ine sindinaoneke. M'chaka cha 1994 boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira kusukulu, chiwerengero chawo n'kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Mmodzi mwa iwo ndinali ine, mnyamata wamtali pakati pa tiana, tikuphunzira pansi pa mtengo. Bambo aja ndiwo anandikankhira kumeneko, ndipo madzulo aliwonse ankafuna kuona kope langa ndisanagwire sandipepa.

Zimene anachita bambo aja lero zili ndi mayina ndi maofesi. Ku Blantyre kuli Chisomo Children's Club, imene yakhala ikugwira ntchito ndi ana a m'misewu kuyambira 1998, kulinso Samaritan Trust. Ku Lilongwe kuli Tikondane. Ku Zomba kuli YONECO, imene inayamba mu 1997, ndipo ndiyo imayankha mwana akaimba nambala yaulere ya 116. M'midzi ndi m'makomboni ambiri muli ma Children's Corner ngati athuwa, kumene ana amakumana akaweruka kusukulu kapena Loweruka. Mukayang'anitsitsa ntchito ya malo onsewa, si chakudya kapena mabulangete chimene chili pamtima pake. Wantchito wawo amayenda mumsewu, nadziwa mwana dzina, nabweranso mawa lake, nabweranso mkuja, mpaka mwanayo atamuuza kumene kuli kwawo ndi chimene anathawa. Kenaka amafunafuna agogo kapena azakhali, nakhala nawo pansi, napita kwa ahedi kukapempha malo. Ndi "Odi!" yemwe uja, kungoti tsopano ali ndi fayilo.

Choncho malangizo anga oyamba, ndipo mwina ndi okhawo amene ndingawaikire moyo, ndi awa: dzipezereni malo amene amakuwerengani. Kaya ndi timu ya mpira, kwaya, ma Scout, ma Pathfinder, madrasa, kalabu ya zisudzo kusukulu, kaya garaja ya makaniko wa pamsewu, zilibe kanthu. Pali muyeso umodzi wokha. Mukajomba kawiri, pali amene adzafunsa? Ngati alipo, gwiritsitsani malo amenewo ngakhale mpira wake ukhale wa mapepala. Ngati palibe, funani kwina.

Koma chenjerani, chifukwa oipa nawonso amawerenga, ndipo amawerenga bwino kuposa ife. Mnyamata wa chipisi uja sankalakwitsa kaundula wake. Lero ali ndi mayina ena. Ndi uja amagula mafoni osafunsa kumene achokera. Ndi uja amakutuma zitsulo usiku n'kumadikira ndi sikelo. Ndi uja amakupatsa kaphukusi kuti ukasiye kutsidya kwa mlatho chifukwa apolisi sasecha mwana wa yunifolomu. Nyengo ya ndale ikafika ndi uja amabwera ndi lole, mowa ndi timapepala ta ndalama, nati tiyeni tikaphwanye msonkhano wa anzathu. Onsewa amakudziwa dzina, amakutcha mfana wawo, amakugulira chakudya tsiku limene kunyumba sikunafuke utsi. Muwasiyanitsa bwanji ndi bambo wa pensulo kukhutu? Onani kumene akuima zinthu zikavuta, ndipo onani ngati angalole kuti mayi anu amudziwe. Munthu amene akukufunirani zabwino amafika pakhomo panu masana, n'kupereka moni kwa akuluakulu. Wokudyerani masuku pamutu amakuuzani kuti izi ndi za ife awiri, madala asadziwe.

Za mowa ndi chamba sinditalikitsa, mwazimva kale kutchalitchi ndi kumzikiti. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma ukali womwewo mumauona lero m'timabotolo totsika mtengo. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba kwa okhawo a chiphaso, pofuna mankhwala ndi zopangapanga za m'mafakitale. Kusuta ndi mlandu mpaka lero, asakunamizeni. Chimene ndaona ndi maso anga n'chakuti pa anyamata amene ndinawaperekezapo kupolisi, ambiri sankakumbukira bwino chimene anachita usiku wake. Kubetcha mpira pafoni nako kwalowa, ndipo mwana amene waluza ndalama ya mayi ake ya geni amaopa kubwerera kunyumba. Usiku woyamba kugona pakhonde la sitolo nthawi zambiri umayamba choncho, ndi mantha.

Tsopano ndilankhule za tsiku loipa, chifukwa kwa ena mwa inu lidzafika, ndipo ndi bwino likupezeni mukudziwa. Ine pondigwira paja kunalibe chonditeteza koma mtima wa munthu mmodzi. Inu muli ndi lamulo. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira ndi kuteteza ana, limenenso limanena mmene milandu ya ana iyenera kuyendera, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati mwana ndi aliyense amene sanakwanitse zaka 18. Mwana wosakwana zaka 10 sangaimbidwe mlandu. Mwana akagwidwa, kholo kapena womusunga ayenera kudziwitsidwa. Sayenera kutsekeredwa m'chitolokosi chimodzi ndi akuluakulu. Nkhani yake iyenera kufika pamaso pa woweruza pasanathe maola 48, kukhoti loona za ana, ndipo dzina lake siliyenera kutuluka m'nyuzipepala kapena pawailesi. Chachikulu koposa n'chakuti ngati mlanduwo si umodzi wa ikuluikulu ija monga kupha kapena kugwiririra, ndipo mwanayo wavomera yekha mosaumirizidwa kuti analakwa, nkhaniyo itha kupatutsidwa osazengedwa. Mwana atha kuuzidwa kuti apepese, abweze chimene anatenga, agwire ntchito yothandiza anthu a m'dera, azipita kusukulu mosajomba, kapena akhale pansi ndi amene anamulakwira pamaso pa mkhalapakati. Ndikamawerenga zimenezi ndimaona windo lija, ndi mwini nyumba ali pakhonde.

Lamulo ndi lotero, koma zochitika sizifanana nalo tsiku lililonse. Ndinapitapo pa polisi ina kukaona mnyamata wathu wa zaka 15, n'kupeza atalembedwa kuti ali ndi zaka 19 chifukwa anali wamtali ndi wa mawu okhuthala. Chinamupulumutsa ndi kabuku ka kusikelo kamene agogo ake anasunga m'jumbo pansi pa mphasa. Choncho funsani lero kumene kuli chiphaso chanu cha kubadwa kapena kabuku kameneko, ndipo mukakwanitsa zaka 16 kalembetseni chiphaso cha unzika. Mukagwidwa nenani zaka zanu zenizeni, musawonjezere pofuna kuoneka wamkulu. Tchulani munthu wamkulu woti aitanidwe. Musasayine pepala limene simunawerengeredwe m'chilankhulo chimene mukumva. Funsani ngati pali a zachisamaliro cha anthu, kapena othandiza za malamulo ngati a PASI amene amayendera mapolisi, makhoti ndi ndende. Lankhulani mwaulemu, musathawe, musalimbane. Ndipo dziwani kuti vakabu ija, yomanga munthu chifukwa chongopezeka pamsewu nthawi yosayenera, khoti lalikulu linaithetsa mu 2017 pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa m'bandakucha akupita ku geni yake. Munthu wamba wa majumbo anasintha lamulo. Umphawi si mlandu.

Musatenge mawu angawa ngati chishango chochitira zoipa. Wailesi ija inali ya munthu amene anaigula ndi thukuta lake. Mayi amene mwamulanda foni pa depoti mwina ndi foni yomweyo amalandirira ndalama ya mankhwala a mwana wake. Kupatutsa mlandu sikutanthauza kuti palibe chimene chachitika. Kumatanthauza kuti uyang'ane m'maso munthu amene wamupweteka, ndipo ndikukuuzani ine amene ndinadutsamo, zimenezo zimawawa kuposa chikoti. Koma ululu wake umachiritsa.

Inu atsikana, ndakhala ndikulankhula ngati nkhaniyi ndi ya anyamata okha, pamene yanu ndi yobisika kwambiri. Mnyamata akasochera amaoneka, ali pamsika, ali pa siteji ya minibasi. Mtsikana amasowa mwakachetechete. Amapita kukagwira ntchito ya m'nyumba kutauni kwa "azakhali" amene palibe amawadziwa, kapena kukagulitsa m'bala, kapena amalowa m'banja ndi bambo wa msinkhu wa atate ake, anthu n'kumati wapeza pabwino. Lamulo limati ukwati ndi wa zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo mtsikana amene wabereka ali ndi ufulu wobwerera kusukulu. Amayi a Mother Group pasukulu panu alipo chifukwa cha zimenezi, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support kumene mungakanene za nkhanza. Ndinaonapo amayi atatu a zitenje zofwifwa atakhala pakhomo la munthu kuyambira m'mawa mpaka masana, osachoka, kufikira mtsikana atatulutsidwa kuti abwerere ku Sitandade 7. Analibe galimoto, analibe alawansi. Anangoona kuti pa desiki ina palibe munthu.

Ndatchula alawansi, ndiye ndinene chimene chimandipweteka mtima. Ntchito zambiri zothandiza achinyamata zimabwera ndi thandizo lakunja, la zaka ziwiri kapena zitatu. Zimabwera ndi matisheti, zakumwa ndi kandalama ka mayendedwe, ndipo bwalo limadzaza. Thandizo likatha bwalo limauma. Ife akuluakulu talakwa pamenepa, takuphunzitsani kuti kusonkhana ndi kolipidwa. Ine pempho langa n'lakuti pulojekiti ikabwera mutengemo chimene sichidzachoka ndi galimoto yawo. Tengani luso. Tengani nambala ya munthu amene angakulembereni kalata yokuchitirani umboni. Ngati akuphunzitsa kusoka, kuwotcherera zitsulo, kumanga, kukonza njinga zamoto kapena mafoni, khalani mpaka mapeto, ngakhale kandalama kaja kataleka. Bungwe la TEVETA, loona za maphunziro a ntchito zamanja, lakhalapo kuyambira 1999, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma. Funsani ku ofesi ya achinyamata ya m'boma lanu mmene mungalowere. Malo ndi ochepa, ndikudziwa. Koma mmisiri wa pansi pa mtengo nayenso ndi koleji. Ine ndinapala matabwa chaka chathunthu ndisanaloledwe kugwira sowo, ndipo mwezi uliwonse ndinkaganiza zosiya, chifukwa anzanga a kumsika anali ndi nsapato zatsopano ine ndili ndi matuza. Mwa anzanga asanu a nthawi imeneyo, awiri anafera m'manja mwa khamu, mmodzi wakhala akulowa ndi kutuluka m'ndende moyo wake wonse. Ndimawalira mpaka lero. Sanali oipa kuposa ine.

Palinso ena amene muyenera kuwaganizira, amene akubwera kuchokera kumalo osungirako ana olakwira malamulo, ku Mpemba, ku Chilwa kapena ku Bvumbwe. Mwana akatuluka kumeneko amapeza dzina lake litasintha. Nkhuku ikasowa m'mudzi, maso onse ali pa iye. Makolo amauza ana awo kuti asayende naye. Sukulu imachita mphwayi kumulandira. Ndiye amakhala yekha, ndipo woyamba kumupatsa moni ndi yemwe uja wa chipisi. Ndaona ana abwerera m'chitolokosi pasanathe miyezi itatu, osati chifukwa sanaphunzire kanthu, koma chifukwa pakhomo lililonse panali potseka kupatula limodzi loipalo. Inu ndinu amene mungatsegule lina. Muitaneni kumpira. Mupatseni jezi. Musamufunse za kumene anali pamaso pa anthu. Akafuna adzakuuzani yekha. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mawuwa sananene kuti pokhapokha akhale wosalakwa.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno tinalimo anthu 17.5 miliyoni, ndipo theka anali osakwana zaka 18. Taganizirani chiwerengero chimenecho, kenaka muwerenge mabungwe amene ndatchula aja. Sangakwanire, ngakhale atagwira ntchito usana ndi usiku. Namondwe wa Freddy atagumula mapiri ndi nyumba ku Chilobwe ndi kwina mu Marichi 2023, ana ambiri anatsala opanda kholo kapena pogona, ndipo oyamba kuwatola sanali a maofesi, anali oyandikana nawo. Ndiye musadikire kuti mukule kaye kapena mulembedwe ntchito kubungwe. Iwe wa zaka 16, pali kamwana ka zaka 9 pa mzere wa nyumba zanu kamene kamakuyang'ana mmene umayendera, mmene umavalira chipewa, mmene umayankhira mayi ako. Kwa iko ndiwe wamkulu kale. Ukakaona pamsika nthawi ya sukulu, kafunse kuti unali kuti. Ukapanda kufunsa iwe, alipo amene afunse.

Bambo aja anamwalira ndili kale ndi shopu yangayanga. Pamaliro pawo ndinapeza amuna ena anayi amene sindinkawadziwa, wina telala, wina dalaivala, wina mphunzitsi, wina wogulitsa matabwa, ndipo pocheza usiku pamoto tinazindikira kuti tonse tinamvapo "Odi!" yemwe uja. Bokosi lawo tinakhoma ndife. Sanalembepo lipoti, sanajambulitsepo chithunzi ndi mwana aliyense wa ife. Pensulo yawo ndinaipempha kwa amayi a kunyumba kwawo, ndipo ndi imene ndimachongera mayina anu.

M'kopemo muli dzina limene lakhala lopanda chichongo Maloweruka atatu otsatizana. Ndi mnzanu wapagolo uja, nonse mukumudziwa. Kwa agogo ake ndinapitako Lachitatu, anati sanagone pakhomo kuyambira sabata yatha, ndipo wina anamuona cha kudepoti akuitanira minibasi. Mawa tikamaliza masewera ndipita kumeneko dzuwa lisanalowe. Ndikufuna awiri mwa inu amene mukudziwa khonde limene amagona mutsale, tipitire limodzi. Wina atenge magolovesi ake aja, ali m'katoni pansi pa benchi ya kushopu.